Kodi Mwayi N'chiyani Kwenikweni?

Mawu akuti mwayi timawasenzetsa katundu wamitundu iwiri. Tikamati mnyamata wapeza mwayi wa ntchito, tikunena za khomo limene latseguka, ndipo zili kwa iye kulowa kapena ayi. Koma tikamati wachita mwayi, kapena kuti ndi wamphumi, tikunena za chinthu chimene chamugwera popanda dzanja lake. Tanthauzo lachiwirili ndi limene lakhala likundizunguza mutu.

Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Girisi yemwe anamwalira m'chaka cha 322 Yesu asanabadwe, anapereka chitsanzo cha munthu amene wapita kumsika pa zifukwa zina, n'kukumana ndi munthu amene anakongola ndalama kwa iye, nabwerako atalandira zake. Akanapita dala kukalonjerera ngongoleyo, palibe akanati wachita mwayi.

Ambiri amangoti mwayi ndi chilichonse chimene sitingathe kuchilamulira, koma ine ndikuona kuti tanthauzo limeneli n'loperewera, pakuti dzuwa limatuluka m'mawa uliwonse popanda chilolezo chathu, komabe palibe amadzitcha wamphumi chifukwa kwacha. Chinthucho chiyenera kukhala choti chikanatha kuchitika mwanjira ina mosavuta, ndiponso chokhudza moyo wa munthuyo. Chaka china mvula inagwa pamunda wa amalume n'kulekezera pamsewu penipeni, moti chimanga cha kutsidya, chomwe chinali chitayamba kumasula ngayaye, chinafota masamba n'kupiringizika. Kwa amalume unali mwayi, kwa anzawo linali tsoka, pamene kwa wapanjinga wodutsa inali mvula chabe yomunyowetsa malaya.

Pamene pavuta kwambiri ndi pa nkhani ya mlandu. M'chaka cha 1976, akatswiri a nzeru zakuya Bernard Williams ndi Thomas Nagel anafunsa ngati mwayi ungasinthe kulakwa kwa munthu. Taganizirani madalaivala awiri amene onse ananyalanyaza kukonzetsa mabuleki: woyamba wafika kwawo bwinobwino n'kudya nsima, pamene wachiwiri mwana wamudumphira pamsewu ndipo wamugunda. Kusasamala kwawo n'kofanana ndendende, koma mmodzi yekha ndiye adzaimirire pamaso pa woweruza. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, ndipo n'zoona kuti wachiwiriyo sakanadziwa za mwanayo, ngakhale kuti za mabulekiwo ankadziwa. Ndikafunsidwa, ndimati onse awiri ndi olakwa mofanana, koma ndivomereze kuti woyambayo nditakumana naye kumsika ndikhoza kumupatsa moni wa m'manja mosavutika mumtima, pamene wachiwiriyo ndikhoza kumuzemba.