Zikomo kwa onse amene munamubwezera mwana wanga chilakolako chosewera

Loweruka lapitali mwana wanga wa zaka 12 anachita nawo koyamba mpikisano wa boccia, masewera a anthu aulumali oponya mipira kuti iyandikire kampira koyera. Anakhala wachitatu pa ana anayi a m'gulu lake. Mipira yake yonse 6 ankaiponya yekha ulendo uliwonse, ndi dzanja lomwe lija limene zaka ziwiri zapitazo silinkatambasuka n'komwe. Mtima wandikana kukhala chete, ndiye ndati ndithokoze poyera.

Mwanayu anabadwa ndi vuto la muubongo limene madokotala amalitcha cerebral palsy. Minofu ya miyendo ndi ya dzanja lamanja ndi yokungika, ndipo amayendera njinga ya olumala. Mafizo tinayamba akadali khanda. Anatithandiza kwambiri, ndipo mpaka lero sitinasiye. Koma atakwanitsa zaka 10 anafika potopa nazo. Likafika tsiku la mafizo ankangotembenukira kukhoma, kukana ngakhale kuvala.

Choyamba ndithokoze inu mayi amene mumatsogolera chithandizo cha masewera ndi zosangalatsa. Tsiku loyamba ndinabwera ndi mapepala onse akuchipatala, nditakonzeka kufotokozanso zonse zimene mwana wanga sangathe. Inu munagwada kuti maso anu alingane ndi ake, n'kumufunsa iyeyo, osati ine: "Kodi iwe umakonda chiyani?" Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati amakonda kuonerera anzake akamaponyerana mpira. Mawu oti "kuonerera" aja anandilasa mtima, chifukwa ndinazindikira kuti moyo wake wonse anali woonerera basi.

Ndivomere kuti poyamba ndinkakayikira. Ndinkati tikutaya nthawi ndi zachibwana. Ndinasintha maganizo nditaona mmene munkagwirira ntchito. Munayamba mwamuyeza: amagwira motani, amakhala tsonga nthawi yaitali bwanji, amatani akakhala pakati pa anzake. Munalemba zolinga, munasankha masewera ogwirizana ndi zolingazo, ndipo pakapita milungu ingapo tinkakhala pansi n'kuona ngati zikuyenda kapena pafunika kusintha. Iye ankangodziwa kuti akusewera. Inu munkadziwa chimene sewero lililonse likuwongola.

Cholinga choyamba chinali kuphunzira kusiya mpira. Ambiri sadziwa kuti dzanja lokungika limagwira, koma kutsegula zala pa nthawi yake ndiye nkhondo. Mpira wa boccia ndi wachikopa, wofewa pang'ono, wokwana m'chikhatho. Ankaugwira, n'kukweza mkono, koma zala osatseguka, mpira n'kugwera pamapazi ake penipeni. Milungu yambiri zinali choncho. Tsiku lina unachoka m'manja bwinobwino, n'kugubuduka mpaka kukagunda kampira koyera kamene osewera onse amalimbirana kuyandikira. Anakuwa mpaka aliyense m'chipindamo anacheuka. Madzulo ake anandipempha yekha kuti ndimuwongole zala, zomwe zija ankazikana.

Ndithokozenso achimwene amene mumaphunzitsa kusambira. Munandifotokozera kuti madzi akafika m'chiuno, miyendo imanyamula pafupifupi theka la kulemera kwa thupi, ndipo akafika m'khosi imanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. N'chifukwa chake mwana amene saima pamtunda amatha kuima m'dziwe, ndipo madzi ofunda amafewetsa minofu. Ndinamuona ataimirira, inu mutangomugwira chala chimodzi. Ndinalira pamenepo.

Panali mwezi wina umene zonse zinabwerera m'mbuyo. Anadwala, anafooka, ndipo ine ndinataya mtima. Mayi, ndi nthawi imeneyo pamene munandiuza za Ludwig Guttmann, dokotala wa pachipatala cha Stoke Mandeville ku England, amene ankasamalira asilikali ovulala msana pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Iye anaika masewera pakati penipeni pa chithandizo chawo. Pa 29 July 1948, tsiku limene masewera a Olympic ankatsegulidwa ku London, anakonza mpikisano woponya mivi wa anthu 16 oyendera njinga za olumala. Pofika 1960 mpikisanowo unachitikira ku Rome, kunali osewera pafupifupi 400 ochokera m'mayiko 23, ndipo ndiwo amawerengedwa ngati masewera a Paralympic oyamba, mpikisano waukulu wa padziko lonse wa anthu aulumali. Boccia inalowamo mu 1984. Mwana wanga ankamvetsera ali phee. Mutamaliza anafunsa ngati anthu 16 aja nawonso ankaphonya. Munamuyankha kuti palibe woponya amene sanaphonyepo, ndipo sabata yotsatira anabwerera pabwalo.

Pali mawu amodzi kwa makolo anzanga. Ulumali wa mwana wanga sunathe, ndipo palibe amene anatilonjeza kuti udzatha. Chimene chasintha n'choti ali ndi anzake omufunsa akajomba, amagona bwino, ndipo amadziwa kudikira nthawi yake ndi kupirira akagonja. Ena m'gulu lathu boccia sinawakomere. Wina anapeza zake pa kujambula, wina pa ng'oma, wina pa kusamalira mbewu. Kwa amene manja sagwira n'komwe, boccia imalola kugubuduza mpira pa chotsetserekera, mothandizidwa ndi munthu wina. Ndipo musachite manyazi kupempha mwayi wotere ngati kuti mukupempha chifundo. Ndime 30 ya pangano la United Nations la 2006 lonena za ufulu wa anthu aulumali imanena kuti kusewera, kupuma ndi kuchita nawo zosangalatsa ndi ufulu wawo.

Zikomo kwa inu odzipereka amene mumatolera mipira osatopa, ndi kwa amayi anzanga amene munkandisungira mpando pambali panu masiku amene sindinkafuna kulankhula ndi munthu. Zikomo kwa mchemwali wake wamkulu, amene wakhala mdani wake pa sewero madzulo aliwonse ndipo sanamulekerepo dala kuti apambane.

Mayi, wandituma kuti ndikuuzeni kuti Lachiwiri tibwera ndi mnzake wina amene sanagwirepo mpira wa boccia. Akuti amuphunzitsa yekha, inu mudzangoonerera.