Zimene Chilembwe anatisiyira ife okhala m'mbali mwa minda ya tiyi

Pa 15 Januwale chaka chilichonse dziko limapuma pokumbukira Mbusa John Chilembwe, ndipo akuluakulu a boma amakasonkhana ku PIM (Providence Industrial Mission, mpingo umene iye anayambitsa) m'boma la Chiradzulu kukapemphera ndi kulankhula za kulimba mtima kwake. Ine, monga munthu wobadwira ndi kukulira kuno ku Thyolo, ndimaona kuti pa mwambo umenewu timayamikira kwambiri mbali ya nkhondo yake imene inatheka, koma mbali imene sinatheke timaidutsa mofulumira. Ulemu wa munthu wakuda tinaupeza ndithu. Malo amene anthu ake ankalirira, makamaka kuno ndi ku Mulanje, nkhani yake sinathe mpaka lero.

Kuukira kwenikweniko kunali kwa masiku ochepa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake analowa pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero n'kupha William Jervis Livingstone, woyang'anira mindayo, pamodzi ndi azungu ena awiri, koma akazi ndi ana sanawachite choipa. Gulu lina linapita ku Mandala mu Blantyre kukalanda mfuti, ndipo linabwerako ndi zochepa chabe. Pofika pa 3 Febuluwale Chilembwe anali ataphedwa m'dera la Mulanje akuthawira ku Mozambique. Boma la atsamunda linagwetsa tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe, linanyonga ndi kuwombera ambiri mwa omutsatira, kuphatikizapo John Gray Kufa, ndipo mpingowo unakhala wotsekedwa mpaka mu 1926 pamene Dr Daniel Malikebu anadzautsegulanso. Munthu woweruza ndi maso a usilikali angati zonsezi zinalephera, ndipo sanganame.

Chimene chinapereka mphamvu kwa mbusayu ndi madandaulo amene anthu anali nawo kale asanamumve iye akulalikira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, anapereka zikalata zotsimikizira kuti malo aakulu a m'mapiri a kuno kumwera ndi a azungu, malo amene ambiri anawapeza kwa mafumu posinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, mafumuwo osadziwa kuti akugulitsa nthaka mpaka kalekale. Pa nthawi yomweyo Alomwe ambiri ankawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala, ndipo popeza analibe mfumu yowapatsa malo kuno, anakhazikika pa maesiteti. Mtengo wake unali thangata. Pa pepala munthu ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho wa nyumba, koma mwezi wake ankawerenga ndi mwini munda, kotero kuti unkatalika monga iye wafunira, ndipo unkagwa m'dzinja, nthawi imene munthu amayenera kukhala akupalira chimanga chake. Pa esiteti ya Bruce sankalola ngakhale tchalitchi kapena sukulu ya anthu akuda, ndipo nyumba zopemphereramo za PIM zimene zinamangidwa kumeneko zinatenthedwa. Nkhondo ya 1914 itafika ku Karonga n'kuyamba kudya asilikali ndi amtengatenga achikuda, Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene amphawi ayenera kufera mkangano wa anthu olemera, ndipo boma linaletsa kuti kalatayo ifalikire.

Mbali ya ulemu ndi yosavuta kuiona. M'masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu, ndipo n'chifukwa chake chithunzi cha 1914 chimene Chilembwe waima atavala chipewa pambali pa mmishonale John Chorley chili chofunika. Mu 2022 mmisiri wa zaluso wa ku Malawi, Samson Kambalu, anaimika chosema chotengera chithunzicho pa Trafalgar Square pakati pa London penipeni. Nkhope ya Chilembwe ili pa K500 ndi pa K2,000. Amene anayambitsa Nyasaland African Congress mu 1944, ndi amene anamangidwa pa 3 Malichi 1959, anali ndi chitsanzo cha munthu wophunzira amene anakana kugonja, ngakhale kuti tchuthi chake chinadikira kufikira ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, mwina chifukwa mu ulamuliro wa Kamuzu munalibe malo a ngwazi yachiwiri.

Mbali ya malo inayenda mwa ulesi wodabwitsa. Komiti yofufuza imene boma linakhazikitsa pambuyo pa kuukirako inavomereza kuti pa esiteti ya Bruce panali nkhanza, koma thangata silinathe. Lamulo la 1928 linalola wokhala pa esiteti kulipira lendi ndi ndalama kapena mbewu m'malo mwa ntchito, komabe linapatsanso mwini munda mphamvu yothamangitsa gawo la anthu ake pakapita zaka zisanu zilizonse, motero mantha anakhalabe pomwepo. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams, amene anatumidwa kudzafufuza nkhani ya malo, analangiza boma kuti ligule malo osalimidwa a maesiteti n'kukhazikapo anthu, ndipo ena anagulidwadi. Mu Ogasiti 1953, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikuyamba, mkangano umene unabuka pa esiteti ya Mangunda pafupi ndi Luchenza pa nkhani ya kuba malalanje unasanduka chipolowe chimene chinafalikira m'maboma angapo a kumwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. Palibe amene angakhulupirire kuti anthu anatseka misewu ndi kudula mawaya a foni chifukwa cha malalanje okha. Thangata linathetsedwa mwalamulo mu 1962, patapita zaka 47 kuchokera pamene Chilembwe anafa. Agogo anga aakazi, amene anathyolapo tiyi ali mtsikana, ankatchula chaka chimenechi kawirikawiri kuposa 1964, ndipo ndikamaganizira bwino ndimaona kuti kwa munthu wa pa esiteti ufulu unayambira pamenepo.

Boma lodzilamulira silinakhudze minda ya tiyi, chifukwa tiyi ankabweretsa ndalama zakunja, monga akuchitirabe lero pambuyo pa fodya. Mu 1967 linakhazikitsa Smallholder Tea Authority kuti alimi ang'onoang'ono azilima nawo, koma mlimi wa theka la ekala amene amagulitsa masamba aawisi ku fakitale ya esiteti sakhala ndi mawu pa mtengo. Pakadali pano anthu achuluka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 mu Thyolo mokha, ndipo aliyense woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kudutsa Bvumbwe mpaka ku Muloza amadzionera yekha kusiyana kwake: mbali ina tiyi wobiriwira wosalala mpaka kumene maso alekezera, mbali ina timinda tachimanga ndi nthochi tokwera m'zitunda zimene makolo athu sakanaganiza zolimamo. Poti kwathu kuno malo amayenda kuchikazi, mayi amagawira ana ake aakazi munda umene iyenso anagawiridwa, ndipo pofika m'badwo wachitatu pamatsala mizere yowerengeka. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023, amene anavutika kwambiri ndi omwewo okhala m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje, osati chifukwa chosamva malangizo monga ena ankanenera pa wailesi, koma chifukwa kunalibe kwina kokamanga.

Njira yaikulu imene inayesedwa ndi pulojekiti ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004 ndi thandizo la World Bank, n'kusamutsa mabanja oposa 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kupita ku Machinga, Mangochi ndi maboma oyandikana nawo. Ambiri anapezadi minda yokulirapo. Koma tiyenera kuona chimene njirayi inatanthauza: anthu ndiwo anasamuka, kusiya manda a makolo awo, pamene malire amene Johnston analemba anakhala osasunthika. Mkwiyo umene unatsalira ndi umene unapatsa Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation anthu omutsatira, mpaka iye kulengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko loima palokha. Ambiri m'mizinda anaseka, ndipo inenso sindinaone nzeru m'kudzipatula koteroko, komabe amayi amene ananyamula makasu kukalowa m'malo osalimidwa a esiteti sankachita nthabwala.

Sindikunena kuti tiyi azulidwe. Maesiteti amalemba ntchito anthu masauzande ambiri, ena ali ndi zipatala ndi sukulu, ndipo ngakhale atagawidwa onse mawa, sangakwanire banja lililonse la m'maboma awiriwa. Chimene ndikuona kuti n'chotheka ndi chocheperapo koma chenicheni: boma liwerengere poyera malo a maesiteti amene sakulimidwa, ligwiritse ntchito malamulo a malo a 2016 ndi kusintha kwake kwa 2022 pogula kapena kubweza malo otero kwa midzi yoyandikana nawo, ndipo alimi ang'onoang'ono akhale ndi gawo lenileni m'mafakitale amene amagula masamba awo. Aphungu athu a ku Thyolo ndi Mulanje amakhala nawo pa mapemphero a pa 15 Januwale, ndipo ndi iwowo amene tiyenera kuwafunsa kuti pa maekala ogonawo achitapo chiyani ku Nyumba ya Malamulo.