Mlungu woyeza mphamvu ya ma antibody pa spike zinayi

Lolemba ndinayamba ndi kusamalira maselo, chifukwa ntchito yonse ya mlungu imadalira iwowo. Timagwiritsa ntchito maselo a munthu okulitsidwa mu labotale otchedwa 293T, okhala ndi ACE2, khomo limene SARS-CoV-2, kachilombo koyambitsa COVID-19, amalowera, ndipo choyesera chathu si kachilombo kenikeni ayi, koma pseudovirus, kachilombo kongovekedwa puloteni ya spike (imene SARS-CoV-2 amalowera nayo m'selo) kamene kamalowa m'selo kamodzi kokha osatha kuswana. Kakalowa, selo limapanga luciferase, puloteni yochititsa kuwala, ndipo kuwala kwakeko ndi komwe makina amawerenga.

Lachiwiri ndinatulutsa seramu (madzi a m'magazi okhala ndi ma antibody, mapuloteni olimbana ndi tizilombo) ya anthu omwe analandira katemera wopangidwa potengera spike ya ku Wuhan. Nditaitenthetsa pa madigiri 56 kwa mphindi 30, ndinaichepetsa mphamvu poisungunula mobwerezabwereza m'mbale za timaenje 96, n'kuisakaniza ndi pseudovirus wovekedwa spike za mitundu inayi ya SARS-CoV-2: D614G, Beta, Delta ndi Omicron BA.1. Zitakhala ola limodzi pa madigiri 37, ndinathiramo maselo.

Lachitatu linali tsiku lodikira, ndipo wophunzira amene wangotipeza kumene anandifunsa chifukwa chomwe timadera nkhawa kusintha kumodzi pa spike, puloteni yopangidwa ndi tizidutswa 1,273 totchedwa ma amino acid. Ndinamuyankha kuti chofunika ndi malo amene kusinthako kwagwera. Ma antibody ambiri otsekereza kachilombo amagwira pa RBD, kachigawo kamene kamamatirira ku ACE2. Pa kusintha kotchedwa E484K, komwe kuli pa RBD, glutamic acid wa mphamvu ya negetivi amalowedwa m'malo ndi lysine wa pozitivi, kotero kuti antibody amene ankakwanira bwino pamenepo amayamba kukankhidwa. Kusintha kwa mtundu umenewu kunachititsa kuti bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lichotse chilolezo chogwiritsa ntchito mankhwala a antibody otchedwa bamlanivimab paokha mu Epulo 2021. Pomwe N501Y, ngakhale ali pa RBD pomwepo, ntchito yake yaikulu ndi kulimbitsa kamatiridwe ku ACE2.

Lachinayi, patapita maola 48, ndinawerenga mbale zonse. Pa D614G seramu inatsekereza kachilombo ngakhale itasungunulidwa kwambiri, pa Delta mphamvu inatsikako, pa Beta, amene ali ndi K417N, E484K ndi N501Y pamodzi, inatsika kuposa pamenepo. BA.1 ndiye anandikhudza mtima, ngakhale ndakhala ndikuziona kuyambira kumapeto kwa 2021: spike yake ili ndi zosintha zoposa 30, zokwana 15 pa RBD pokha, ndipo seramu yambiri ya olandira katemera kawiri inangomulola kulowa, pamene ya olandira katatu inalimbako. Tsoka lake, timaenje ta m'mphepete mwa mbale imodzi tinauma chifukwa sindinathire madzi okwanira mu incubator, makina osungiramo maselo motentha, ndipo ziwerengero za mbale imeneyo ndinazitaya zonse.

Lachisanu ndinabwereza mbale yowonongekayo, kenako tinakambirana ndi mnzanga mawu oti tilembe mu lipoti. Iye anafuna kulemba kuti chitetezo chinachepa, koma ine ndinakana, chifukwa chimene tinayeza ndi NT50 yokha, mlingo wosungunulira seramu umene umachepetsa kulowa kwa kachilombo ndi theka, pamene maselo a T, mbali ina ya chitetezo cha m'thupi, amazindikira zigawo zambiri za spike zimene sizinasinthe. Tinagwirizana zolemba kuti mphamvu yotsekereza ndi imene inachepa. Mbale yobwerezayo ndidzaiwerenga Lamulungu, ndipo Lolemba tiyamba kukonza pseudovirus wa JN.1, mtundu wina wa Omicron, amene ali ndi kusintha kwa L455S.