Maphunziro a ski a ana: lembetsani msanga

Abale amene mukupita ndi ana ku mapiri a Alps ku France pa holide ya February, nkhani ya maphunziro a ski (masewera otsetsereka pa chipale chofewa mutavala timatabwa kumapazi) musadikire mpaka mutafika. Sabata imeneyo malo amadzaza msanga, makamaka a m'mawa, pamene ana amakhala adakali ndi mphamvu. Masana amangofuna chokoleti chotentha basi.

Ife talembetsa ana athu ku ESF, sukulu yophunzitsa ski ya ku France, aja ovala majekete ofiira. Wamng'ono, wa zaka 4, ali ku Piou-Piou, kabwalo kotchingidwa kotsetsereka pang'ono, komwe akuphunzira kuima poyandikizitsa nsonga za ma ski kutsogolo. Mkulu wake akulimbikira kuti apeze mendulo ya Flocon, imodzi mwa mamendulo oyambirira amene ESF imapereka kwa ana ophunzira ski.

Ine ndimakonda magulu kuposa mphunzitsi wa mwana mmodzi. Mtengo ndi wotsika, komanso mwana akagwa n'kuona anzake akudzuka akuseka, naye amadzuka osalira. Wamanyazi kwambiri yekha ndi amene ndingamulipirire mphunzitsi wakewake. Polembetsa funsani ngati mphunzitsiyo amalankhula Chingelezi.

Ndipo abambo, chonde, musamuphunzitse nokha mwana, zimathera misozi. Chipewa choteteza mutu asavule. Magolovesi tengani apadera, amanyowa msanga.