Za udzu wa m'munda, makamaka kaufiti wa kwa agogo

Sabata ino m'kalasi tinali pa nkhani yothana ndi udzu, ine ndinalowa ndi matama kuti apa palibe chachilendo, khasu ndinayamba kugwira ndili Sitandade 3 ndiye andiuza chani. Aphunzitsi anangofunsa kuti udzu umapweteka chimanga nthawi iti kwenikweni, tonse zii kkkk.

Eti ndi masabata 6 oyambirira chimanga chikangomera, mizu ikadali yanthete ndiye udzu umalanda madzi, dzuwa ndi feteleza wokulitsa uja wagula movutika. Ukadikira udzu ufike m'mawondo, olo upalire moyera bwanji zokolola zatsika kale. Apa ndinakumbuka kwathu, Disembala ndi Januwale timayamba kaye ganyu m'minda ya eni kuti tipeze ya ufa, wathu munda mawa mawa, ndiye timapalira mochedwa chaka ndi chaka osati chifukwa cha ulesi ayi.

China chomwe sindinkaganizira n'choti udzu suli umodzi. Chisoso ndi bonongwe khasu likadutsa zatha, komanso izi ndi ndiwo, amayi sangalole kuti uzitchule udzu. Koma khovani ukamudula n'kumusiya pamzere mvula ikugwa, pakatha masiku awiri wagwiranso. Dawe ali ndi timbatata pansi, kapinga ndiye khasu limangomudula zidutswa chilichonse n'kuphuka pachokha, umakhala ngati ukumudzala. Zamankhwala tinadutsa mwachangu, Roundup amagwira pa masamba obiriwira n'kutsikira kumizu ndipo sasankha, chimanga nachonso amaotcha, pomwe Harness amapoperedwa panthaka yonyowa udzu usanamere.

Koma chomwe chandikhala mumtima ndi kaufiti. Munda wa agogo ku Kasungu uli ndi chigawo china chomwe chimanga chimangopinimbira, masamba achikasu ngati kuli ng'amba pomwe mvula ikugwa bwinobwino, kenako timaluwa tofiira tija mbwee. Agogo amati pamenepo pali munthu anachitapo zake, dzinalo likuchita kunena lokha. Dzina lake la sayansi ndi Striga asiatica, ndipo ufiti wake ndi uwu: njere zake ndi tosaoneka bwino ngati fumbi, tsinde limodzi limabala masauzande ambirimbiri, ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10 osamera. Zimadikira kaye mizu ya chimanga, mapira kapena mawere itulutse timadzi tina tomwe timazidzutsa, zikamera basi zimakakamira kumuzu n'kumayamwa madzi ndi chakudya zili pansi pomwepo. Pofika poti iwe uone duwa, chimanga chayamwidwa kale masabata angapo. Ndiye kupalira wamba sikupulumutsa chimanga cha chaka chimenecho, ukazula ukuthandiza zaka zakutsogolo, bola uzule asanachite maluwa n'kukatentha kunja kwa munda, osati kungoponya mumkwasa.

Chinandisangalatsa ndi chinyengo cha mbewu ngati soya, mtedza ndi thonje. Mizu yake imadzutsa njere za kaufiti koma iye sangayamwemo, ndiye amamera n'kufa ndi njala. Kasinthasintha wa mbewu uja alangizi amalalikira tsiku ndi tsiku, ine ndinkangoti ndi wa chonde basi, kani amatsukanso njere m'nthaka pang'onopang'ono. Ndipo kaufiti amakonda nthaka yoguga, ukathira manyowa mphamvu zake zimachepa.

Dzulo ndinawaimbira agogo kuwafotokozera zonsezi, anamvetsera mpaka kumapeto kenako akuti "mwamaliza achimwene? nanga bwanji amamera mbali yokhayo yakumalire?" Ndinawauza kuti ndi mbali yomwe ili yamchenga komanso sinalandirepo manyowa chiyambire, sanatsutse koma sanavomerenso. Tagwirizana kuti chaka chino chigawo chimenecho tidzalapo soya, mbewu ndigula ine ndikapita kutchuthi.