Gulugufe wa usiku wokhala ndi chigaza pamsana

Abale, pali gulugufe wa usiku wotchedwa Acherontia atropos amene ndimamukonda kwambiri, ngakhale ambiri akamuona amachita naye mantha. Pamsana pake pali chithunzi chonga chigaza cha munthu. Mapiko akutsogolo ndi oderapo, akumbuyo achikasu amizere yakuda, ndipo akawatambasula amatha kufika masentimita 12. Ndi wamkulu ndithu.

Amapezeka mu Africa ndi ku Middle East, ndipo nyengo yotentha ena amauluka mpaka kumpoto kwa Ulaya.

Koma chondigometsa ndi kadyedwe kake. Amalowa mumng'oma wa njuchi usiku n'kuboola zisa ndi kamlomo kake kakafupi kolimba, n'kumamwa uchi. Njuchi nthawi zambiri sizimuluma chifukwa fungo la thupi lake limafanana ndi lawo. Mukamugwira amalira kuti tswii, pokoka mpweya ndi kuutulutsa kukamwa.

Mbozi zake n'zazikulu, zobiriwira kapena zachikasu, zokhala ndi kanyanga kopindika kumchira. Zimadya masamba a mbatatesi ndi zomera zina za mtundu umenewo, kenako zimalowa m'nthaka kukasanduka gulugufe.

Zimandipweteka kuona anthu akumupha pomuganizira kuti ndi malodza, pomwe iye saluma ndipo alibe ululu uliwonse.