Zikomo nonse, maphunziro a matope aja atha

Ndamaliza digiri yanga ya PhD. Ulemerero upite kwa Mulungu, koma pali anthu amene sindingawathokoze chamumtima chokha.

Amayi ndi abambo, munkadabwa kuti mwana wa dziko lopanda nyanja yamchere akufunanji m'matope a pansi pa nyanjayo, komabe simunaleke kundipempherera. Zimene ndinkafufuza ndi izi. Matopewa ndi osanjikizana, ndipo gawo lililonse lili ndi mabakiteriya akeake. Pamwamba pali amene amapuma okosijeni, koma kufupi ndi gombe mpweyawu umathera pa mamilimita ochepa chabe. Pansi pake pamabwera amene m'malo mwa okosijeni amadalira mchere wotchedwa nitrate, kenako manganese ndi ayironi, kenako mchere wina wotchedwa sulfate. Awa a sulfate ndiwo amadetsa matope bii, n'kuwanunkhitsa ngati dzira lovunda. Sulfate ikatha, kumatsala tizamoyo tina, ma archaea, topanga mpweya woyaka wotchedwa methane. Pamalire pomwe methane yokwera imakumana ndi sulfate yotsika m'pamene panandigwira mtima, chifukwa pamenepo archaea ndi mabakiteriya amakhala mophatikizana, kudya methane limodzi isanatulukire m'madzi.

Mphunzitsi wanga wamkulu, munandiphunzitsa kudekha. Ndinu munandiwerengetsa za sitima ya Chikyu imene mu 2012 inaboola mamita 2,466 m'nthaka ya pansi pa nyanja kufupi ndi Shimokita ku Japan, n'kupeza zamoyo m'malasha okwiririka. Zikomo kwambiri.

Koma amene ndikufuna kuwatchula mwapadera ndi akatswiri a mu labu ndi ogwira ntchito m'sitima. Maina awo sawoneka pachikuto cha thesis, buku la kafukufuku wanga. Mukamatsika m'matope, maselo amachepa kwambiri, moti kabakiteriya kamodzi kochokera pachala kapena m'madzi oboolera kangathe kusokoneza zotsatira zonse. Anthu awa ndiwo ankadula matope m'chipinda chozizira, manja ali zii, kusamala kuti mpweya usalowe, kulemba kuya kwa chidutswa chilichonse mosalakwitsa. Popanda iwo, ndikanawerenga tizilombo ta m'manja mwanga n'kumati ndi ta pansi pa nyanja. Mwa ine ndekha ndimaona kuti sayansi siiwapatsa ulemu wokwanira.

Achemwali, munasamala makolo pamene ine ndinali kutali, ngakhale nthawi ija abambo anadwala. Ngongole imeneyi sindingaibweze. Anzanga a kumpingo kuno kunja, munandidyetsa nsima masiku amene ndalama ya sukulu inachedwa. Mulungu akudalitseni nonse, ndipo ndikafika kumudzi ndidzakuonani mmodzimmodzi.